Asidi, besi ndi khala loyenda m'phale

Mayi akafuna kuphika thelere koma soda palibe, sadandaula. Amawotcha zitsononkho, mapesi kapena makoko a nyemba, phulusa lake n'kuliika m'chitini chobowola kunsi, n'kumathira madzi pang'onopang'ono. Madzi ofiirira amene amadonthera m'mbale pansipo ndiwo chidulo. Mukaviikamo zala ziwiri n'kuzitikita zimaterera, ndipo kadontho kake kakafika palilime kamawawa. Tsono tengani ndimu, bwemba, malambe kapena chambiko. Izi sizitereretsa zala ayi. Zimawawasa, mpaka mano kuyayamira.

Zowawasazi zili m'gulu la maasidi. Chidulo, soda, laimu ndi sopo zili m'gulu lina, la mabesi, ndipo besi amene amasungunuka bwino m'madzi amatchedwanso alikali. Anthu anayamba kalekale kusiyanitsa magulu awiriwa ndi lilime ndi zala. M'zaka za m'ma 1660, Robert Boyle anawonjezapo maso: anaona kuti madzi a maluwa a violet amafiira akakumana ndi asidi, koma amabiriwira akakumana ndi alikali. Izi mungaziyese pakhomo ndi madzi ofiira a chidede. Finyiranimo ndimu, kufiirako kuwala kwambiri. Thiranimo chidulo, mtunduwo uda n'kupendekera ku kubiriwira. Ndi chifukwa chomwechonso tiyi wopanda mkaka amayererako mukamufinyira ndimu.

Koma kuona zizindikiro n'kwina, kudziwa gwero lake n'kwinanso. Antoine Lavoisier wa ku France ankakhulupirira kuti chimene chimachititsa asidi kukhala asidi ndi okosijeni. Mu 1810 Humphry Davy anasonyeza kuti asidi wa hydrochloric, mmodzi mwa amphamvu zedi, alibe okosijeni ngakhale pang'ono. Muli haidirojeni ndi chlorine basi. Maso a akatswiri anatembenukira kwa haidirojeni. Mu 1884 Svante Arrhenius, mnyamata wophunzira ku Uppsala m'dziko la Sweden, analemba kuti zinthu zina zikasungunuka m'madzi zimagawika kukhala tizigawo tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Aphunzitsi ake anamupatsa malikisi otsika, koma ntchito yomweyo inadzamubweretsera mphoto ya Nobel mu 1903. Kenaka mu 1923 anthu awiri osapangana, Johannes Brønsted ku Copenhagen ndi Thomas Lowry ku Cambridge, anafika pa ganizo limodzi limene ana a sekondale akuphunzira mpaka lero. Ganizolo ndimalimvetsa bwino ndikakumbukira zimene zimachitika m'mudzi m'mawa kukacha.

Machesi asanachuluke, ndipo m'midzi ina ngakhale lero, moto ukazima usiku mwana amatumidwa mbandakucha: pita kwa azakhali ako ukapale moto. Mwanayo amatola phale, amagogoda kunyumba kumene kukufuka utsi, amamuikira khala limodzi, n'kubwerera nalo akuuzira. Pa nkhani yonseyi pali zinthu zitatu zokha: nyumba yopereka, nyumba yolandira, ndi khala.

Atomu ya haidirojeni ndi yopepuka kuposa maatomu ena onse. Ili ndi pulotoni imodzi pakati ndi elekitironi imodzi kunja. Ikasiya elekitironi yake m'mbuyo, chotsala ndi pulotoni yokhayokha, imene m'mabuku amailemba H⁺. Khala lathu ndi limeneli. Asidi ndi nyumba yopereka khala. Besi ndi nyumba yolandira. Zonse zimene zimachitika pakati pa awiriwa, kaya ndi m'mphika, m'mimba kapena m'munda, ndi pulotoni kuchoka pa molekyu ina kupita pa ina.

Palibe munthu amene amanyamula khala padzanja. Nayonso pulotoni siyendayenda yokha m'madzi. Ikangochoka pa asidi, molekyu ya madzi, H₂O, imaiwakha n'kusanduka H₃O⁺. Madzi ndiye phale. Chochititsa chidwi n'chakuti phale limodzi silithamanga mudzi wonse. Molekyu imene yalandira pulotoni imapatsira ina kwa molekyu yoyandikana nayo, iyonso n'kupatsira inzake, mwakuti khala limafika kutali ngakhale phale lililonse langosuntha pang'ono. N'chifukwa chake pulotoni imayenda m'madzi mofulumira kuposa tizigawo tina tonse tamagetsi.

Kuchokera apa pakutuluka mfundo imene ine ndimaiona yofunika kuposa zonse: kukhala asidi ndi udindo umene chinthu chimatenga pamaso pa chinzake. Nyumba siingatchedwe yopereka moto popanda wobwera kudzapala. Mpweya wa hydrogen chloride ukakhala wouma gwaa, susintha mtundu wa kapepala kouma koyezera asidi. Kadontho ka madzi kakangofikapo, kapepalako kamafiira nthawi yomweyo, chifukwa phale lapezeka. Ndiponso nyumba imene yapereka moto lero ndi yomwe mawa idzatume mwana kukapala. Asidi wa acetic, amene ali mu viniga, akapereka pulotoni yake chotsalacho chimatchedwa acetate, ndipo acetate ndi besi, pakuti angathe kulandiranso pulotoni. Madzi ndiwo amaonetsa izi poyera. Akakumana ndi hydrogen chloride amalandira. Akakumana ndi amoniya, uja amanunkha m'khola la nkhuku, amapereka, n'kutsala OH⁻, kachigawo kotchedwa hydroxide kamene kali ndi njala yaikulu ya pulotoni. Ngakhale m'madzi oyera opanda kanthu, mamolekyu amapatsirana okhaokha. Pa nthawi iliyonse pafupifupi molekyu imodzi mwa mamolekyu 550 miliyoni imakhala itapereka pulotoni kwa inzake.

Fanizoli lili ndi polekezera pake, ndipo ndi bwino kupadziwa. Moto umaswana: khala limodzi lingayatse mudzi wonse, wopereka osachepekedwa. Pulotoni siswana. Yachoka apa ndiye kuti apa yasowa, ndipo uko yawonjezeka imodzi yokha. Tiziganiza za makala owerengeka amene sayatsa anzawo. Komanso asidi ali m'botolo sakhala wotentha mukakhudza botololo.

Nyumba zopereka sizifanana mtima. Zina zimangokhuthula makala onse kwa aliyense wofika pakhomo. Otere ndi maasidi amphamvu: hydrochloric, nitric, ndi sulphuric wa m'batire la galimoto. Mukawathira m'madzi, pafupifupi molekyu iliyonse imataya pulotoni ndipo siifunanso. Nyumba zina n'zoumira: zimapereka khala limodzi, kenaka n'kutuma mwana kukalitenganso. Mu viniga, pa mamolekyu 100 alionse a asidi, amene amakhala atapereka pa nthawi imodzi sakwana n'imodzi yomwe. Ameneyu ndi asidi wofooka, monganso citric wa m'mandimu, tartaric wa mu bwemba ndi lactic wa mu chambiko. Ana asukulu ambiri amasokoneza mphamvu ya asidi ndi kuchuluka kwake m'madzi. Mphamvu ndi mtima wa nyumba, kuchuluka ndi chiwerengero cha nyumba m'mudzimo. Asidi wa acetic wosasakaniza ndi madzi amawotcha khungu ngakhale ndi wofooka, pomwe hydrochloric wamphamvu uja tonsefe tikuyenda naye m'mimba atasungunuka m'madzi ambiri.

Mbali ya mabesi ilinso chimodzimodzi. Soda wophikira, sodium bicarbonate, amapempha khala mofatsa. Chidulo, chimene mbali yaikulu ya mphamvu yake imachokera ku potassium carbonate wa m'phulusa, chimapempha molimbikira. Caustic soda, amene magulu a amayi amapangira sopo, sapempha konse, amalanda. Kuterera kuja kwa zala n'komweku: alikali akugwira mafuta a pakhungu panu n'kuwasandutsa sopo weniweni, uku akufewetsa khungulo.

Nanga tingadziwe bwanji kuti m'madzi awa muli mapale angati onyamula makala? Yankho linachokera ku fakitale ya mowa. Mu 1909 Søren Sørensen, amene ankatsogolera gawo la kafukufuku ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, anakonza muyeso wotchedwa pH. Kawirikawiri umayambira pa 0 kufika pa 14. Madzi oyera ali pa 7, pamene H₃O⁺ ndi OH⁻ n'zofanana kuchuluka. Kutsika pansi pa 7 ndi mbali ya asidi, kukwera ndi mbali ya besi. Madzi a mandimu ali cha pa 2, viniga cha pa 3, madzi a mvula cha pa 5.6 chifukwa amamwa mpweya wa carbon dioxide potsika. Soda wosungunula m'madzi ali cha pa 8, ndipo chidulo chokhwima chimapitirira 10. Madzi a Nyanja ya Malawi ali cha pa 8, n'chifukwa chake azungu oweta mbuna m'magalasi kwawo amathira zinthu zokweza pH kuti nsombazo zimve ngati zili kwawo.

Muyesowu umanyenga maso. Kuchoka pa 6 kufika pa 5 kumaoneka ngati kaphazi kamodzi, koma ma H₃O⁺ achuluka kakhumi. Kuchoka pa 6 kufika pa 4 achuluka ka 100. Madzi a mandimu, pa 2, ali ndi mapulotoni oyendayenda ochuluka ka 100,000 kuposa madzi oyera. Choncho munthu akamva kuti pH ya dothi lake yatsika kuchoka pa 6 kufika pa 5, asanene kuti n'zochepa.

Asidi ndi besi akakumana maso ndi maso, khala limapita kumene likufunidwa, ndipo mkangano umatha. H₃O⁺ akapereka pulotoni kwa OH⁻, zonse ziwiri zimasanduka madzi wamba, ndipo zotsalira za asidi ndi besi zimapanga mchere. Hydrochloric ndi caustic soda, zinthu ziwiri zimene chilichonse pachokha chingapunduze munthu, zikasakanizidwa pa mlingo woyenera zimabala madzi ndi mchere womwewu timathira m'ndiwo. Soda wophikira ali ndi kachitidwe kena kowonjezera. Akalandira pulotoni amasanduka asidi wa carbonic, amene sakhalitsa, amasweka kukhala madzi ndi carbon dioxide. Thovu lija limawira mukathira viniga pa soda ndi mpweya umenewu, ndipo ndi womwewo umafufumitsa chigumu mayi akasakaniza soda ndi chambiko kapena madzi a mandimu. Soda akachuluka kuposa asidi woti amupatse makala, wotsalayo amasanduka sodium carbonate pamoto, chigumu n'kumamveka sopo m'kamwa.

M'mimba mwathu pH imakhala pakati pa 1.5 ndi 3.5. Asidi ameneyu amapha tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya ndipo amadzutsa pepsin, amene amagaya nyama ndi nyemba. Mimba imadziteteza ndi chinanda choterera chokhala ndi bicarbonate, koma kummero kulibe chitetezo chotere. Asidi akakwera n'kufika kumeneko ndiye chilungulira. Mapiritsi a magnesium amene amapereka kuchipatala ndi mabesi ofatsa, amalandira makala owonjezerawo. Ambiri amangomwa soda wa kukhitchini, ndipo amathandizadi kwa kanthawi, koma muli sodium wambiri amene sayanjana ndi odwala kuthamanga kwa magazi. Chilungulira cha masiku onse n'chofunika kuti achipatala aone, pakuti chingakhale chizindikiro cha zilonda za m'mimba.

Magazi ndiye nkhani ina. Iwo ayenera kukhala pakati pa 7.35 ndi 7.45, ndipo akaphonya kwambiri mpatawu munthu amadwala mwakayakaya. Chimene chimawasunga pamenepo ndi nyumba ziwiri zapachibale zokhala bwalo limodzi, carbonic ndi bicarbonate. Makala akachuluka, bicarbonate amawalandira. Akachepa, carbonic amatulutsa ake. Mapapo amathandizira potulutsa carbon dioxide, impso n'kumataya asidi wotsala mumkodzo. Ndimamva chisoni ndikaona anthu akuwononga ndalama zawo zochepa pogula madzi otchedwa alikalaini poganiza kuti asintha pH ya magazi awo. Madziwo akangofika m'mimba amakumana ndi hydrochloric, ndipo thupi lathanzi silingalole magazi kusuntha chifukwa cha botolo la madzi. Malo amene chakumwa chimasinthadi zinthu ndi m'kamwa. Chikuto cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka pH ikatsika pansi pa 5.5, pomwe zakumwa zambiri za shuga za m'mabotolo zili cha pa 3 kapena kutsikirapo.

Tibwerere ku mphika wa ndiwo, pakuti pali funso limene silinayankhidwe: chidulo chimachita chiyani kwenikweni m'masamba? Choyamba chimamasula timitsempha tomanga makoma a maselo a chomera, n'chifukwa chake chigwada, khwanya ndi thelere zimafewa msanga, nkhuni n'kupulumuka. Chachiwiri chimasunga kubiriwira. Pakatikati pa molekyu imene imabiriwitsa tsamba pamakhala atomu ya magnesium. Masamba akamaphikidwa amatulutsa timaasidi tawo, mapulotoni awiri n'kulowa pamalo pa magnesium uja, ndiwo n'kuoneka zotuwa. Chidulo chimalandira mapulotoniwo asanafike. Koma pali mtengo wake: alikali amawononga vitamini C ndi vitamini B1. Alangizi a zakudya akamati tichepetse soda m'masamba sakunyoza maphikidwe a makolo. Akunena za mavitamini amenewa, ndipo kwa banja limene ndiwo zake za tsiku ndi tsiku ndi masamba, kutayikako n'kwakukulu.

Chodabwitsa n'chakuti alikali yemweyo amene amawononga mavitamini m'masamba amamasula vitamini wina m'chimanga. Ku Mexico ndi ku Guatemala, kumene chimanga chakhala chakudya chachikulu kuyambira kalekale, anthu amachiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere. Niacin wa m'chimanga amakhala womangika mwakuti thupi silingamutenge, ndipo alikali ndiye amamumasula. Chimanga chitawoloka nyanja kupita ku Ulaya ndi ku Africa, mbewu inabwera koma luso ili linatsala. Zotsatira zake zinali pellagra, matenda odetsa ndi kusupula khungu la m'khosi ndi m'manja, otsegula m'mimba ndiponso osokoneza mutu. Anasautsa amphawi a ku Italy, ku Spain ndi kummwera kwa dziko la America, ndipo kuno kwathu anabuka kwambiri mu 1989 ndi 1990 pakati pa abale athu othawa nkhondo ku Mozambique, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira m'misasa.

Kumunda nako makala akuyenda. Feteleza wokhala ndi ammonium, monga sulphate of ammonia, komanso urea amene amasanduka ammonium m'dothi, amagwiridwa ndi mabakiteriya amene amamusandutsa nitrate, ndipo pochita zimenezi amatulutsa mapulotoni. Chaka ndi chaka, makamaka kumadera a mvula yambiri imene imakokolola calcium ndi magnesium, dothi limanka liwawasa. Likatsika pansi pa 5.5, aluminium amene anali phee m'dothimo amasungunuka n'kuyamba kupinimbiritsa mizu, ndipo phosphorus amamangika osafika ku mbewu. Mlimi amaona chimanga chikufooka, amaganiza kuti feteleza wachepa, amagula thumba lina, vuto n'kumakula. Mankhwala ake ndi laimu wa ulimi, mwala wopera wa calcium carbonate, amene amalandira mapulotoniwo pang'onopang'ono. Koma asanathire ndi bwino kuyezetsa dothi, kudzera kwa alangizi kapena kumalo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe, chifukwa mbewu sizikonda zofanana. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amasangalala m'dothi la pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, limene chimanga ndi nyemba zimavutikamo. Alimi a Chibemba kumpoto kwa Zambia, kumene dothi n'lowawasa, anapeza yankho lawo kalekale pa ulimi wa chitemene: amadula nthambi, amaziunjika n'kuziwotcha, n'kufesa mawere paphulusapo. Mvula ikagwa imatcheza chidulo m'munda momwemo.

Pali mbali imene sindifuna kuti owerenga aitenge mopepuka. Popeza taphunzira kuti asidi amathetsedwa ndi besi, ena amaganiza kuti munthu akatayikiridwa ndi asidi wa m'batire azithira soda kapena phulusa pabalapo, ndipo mwana akamwa caustic soda amwetsedwe viniga kapena mandimu. Musachite zimenezo. Awiriwa akakumana amatulutsa kutentha, ndipo nthawi imene mukufunafuna chothetsera, khungu likupitirira kupsa. Chofunika ndi madzi oyera ambiri, othira mosalekeza kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, zovala zonyowazo zitavulidwa, kenaka kuchipatala. Amene wameza asamusanzitse, chifukwa mankhwalawo awotcha kummero kachiwiri pobwerera. Ndipo tisaganize kuti besi ndi wachifundo kuposa asidi. Asidi amaumitsa mnofu umene wawotcha, n'kudziikira yekha malire pang'ono, pomwe alikali wamphamvu amasungunula mnofu n'kumalowerera mkati, mwakuti kadontho ka caustic soda kapena fumbi la simenti m'diso lingachititse khungu.

Opanga sopo azivala magolovesi ndi zoteteza maso, azithira caustic soda m'madzi osati madzi pa caustic soda, ndipo asamasunge madzi akewo m'botolo la chakumwa, pakuti kwa mwana waludzu amaoneka ngati madzi akumwa. Kwa okonza mabatire lamulo ndi lomwelo: asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono. Ndipo potsuka chimbudzi, bulitchi asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira okhala ndi asidi, chifukwa bulitchi akalandira mapulotoni amatulutsa mpweya wa chlorine, umene m'kachipinda kotseka ungawononge mapapo m'mphindi zochepa.